Zikwatu za Alamu

Aliyense amene anasoketsako yunifolomu ya mwana ku Balaka, cha kufupi ndi siteshoni ya sitima, akumudziwa Scholastica, amene ambiri amangomutchula kuti Make Mtendere. Ndi mayi uja wamfupi, wa magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi, amene ankakhala pakhonde la sitolo akupalasa makina ake, mapini ali kukamwa koma nkhani osaduka. Kusoka ankasoka bwino, pamenepo tisamunamizire. Bodza lake linali lomwe lija la atelala onse: "Mubwere mawa, pangotsala mabatani."

Kwawo ndi ku Utale, kumene dzuwa limatha kupsereza chimanga chisanabereke. Anakulira therere, denje ndi mfutso mpaka kukhosi kunayamba kukana. Tsiku limene anakwera galimoto kupita ku Balaka kukaphunzira kusoka, analumbira chamumtima kuti masamba ouma sadzakhudzanso mbale yake. Alipo anthu otere, amene akathawa umphawi amadana ndi ndiwo zake zomwe, ngati kuti denje ndi limene linkaletsa mvula. M'nyumba mwa Scholastica munkalowa buledi, nyama ya soya, mazira ndi kabichi wosambira m'mafuta. Zimenezo ndiye ankati kudya kwa anthu.

Anakwatiwa ndi Jamali, dalaivala wa lole, Msilamu wa kumidzi ya kuseri kwa Nsanama. Achibale a mbali zonse ananyinyirika, wina akuti mwana wathu ndi Mkatolika, wina akuti wathu ndi wa kumzikiti, koma awiriwo anakhala bwinobwino, aliyense ndi mapemphero ake. Anabereka mwana mmodzi wamkazi, Mtendere. Chakudza sichiimba ng'oma: Jamali anadwala masabata ochepa chabe n'kutsikira kuli chete, mwanayo asanayambe ndi sukulu yomwe. Maliro atatha, sadaka itadyedwa, akuchimuna anamumasula Scholastica monga mwa mwambo. Kuno kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo bambo akamwalira abale ake amatsala ngati anthu oonera mpira kunja kwa mpanda.

Mmodzi yekha ndi amene anakana kutsala kunja: Mwajuma, mlongo wake wa Jamali. Analibe chonena pa mwanayo, analibenso chuma choti n'kulipirira sukulu. Chimene anali nacho ndi khasu. Choncho chaka chilichonse akakolola ankakwera minibasi, n'kusintha ina pa Liwonde, n'kudzatsika ku Balaka atasenza thumba. M'thumbamo munkakhala mpunga wa faya, nandolo, matemba a ku Chiuta, ndipo pamwamba pa zonse zikwatu. Chikwatu ndi mpukutu wa masamba a masuku, wozungulira ngati mpira, womangidwa ndi luzi, m'kati mwake muli mfutso wa chitambe kapena nkhwani. Ntchito yake si yamasewera: kuthyola, kufutsa, kuyanika, kuingitsa nkhuku tsiku lonse, kenaka kukwera phiri kukafuna masamba okutira. Akatula thumbalo ankanena mawu omwewo chaka ndi chaka: "Izi n'za mwana wa achimwene anga."

Mpunga unkadyedwa, matemba ankatha, nandolo naye ankapita pang'onopang'ono. Koma zikwatu zinkangoponyedwa m'chipinda chosungira katundu, kuseri kwa chitseko, osazitsegula n'komwe. Mwajuma akabweranso n'kufunsa kuti mfutso unali bwanji, Scholastica ankawomba m'manja.

"Ii alamu, musanene! Tinanyambita ndi mbale zomwe."

Vuto la bodza ndi lakuti limabereka. Mwajuma atamva kuti anthu akunyambita mbale, chaka chotsatira anabweretsa zikwatu zochulukirapo. Mulu wa kuseri kwa chitseko unkangokula. Kuzitaya ankachita nako mantha, kupatsa anansi ankachita nako manyazi, poti iye anali atadziwika kale kuti sadya za kumudzi.

Chaka china, Mtendere ali cha m'ma sitandade folo, Mwajuma anaimba foni ali kale pa Liwonde kuti akubwera, ndipo ulendo uno agona. Scholastica anaimitsa makina nthawi yomweyo. Chipinda chogona mlendo chinali chomwe chija cha katundu. Anathamangira kunyumba, n'kukokolola zikwatu zonse, zina zitayamba kale kufumbwa, n'kukazikhuthulira kudzala kuseri kwa bafa. Pamwamba anafunditsapo zidutswa za nsalu ndi phulusa. Anapukuta thukuta n'kudziyamikira kuti wachenjera.

Anaiwala chinthu chimodzi chimene mwana aliyense wa ku Utale amachidziwa. Mlendo wamkazi woleredwa bwino sadikira kupatsidwa tsache. Mwajuma anadzuka m'bandakucha kukaswali monga Msilamu, atatha kupempherako anasesa bwalo lonse, n'kuwola zinyalala kupita nazo kudzala.

Scholastica potuluka anapeza pabwalo pali mbee, mlamu wake atakhala pakhonde, mpango atamanga kale. Anamwa tiyi, anacheza za mvula, anaseka ndi Mtendere. Koma thumba lija, limene zaka zonse linkabwerera lili lopinda m'khwapa, tsiku limenelo linali lodzaza. Scholastica analiona. Anaperekeza mlendo mpaka kudepoti, thumbalo lili pamutu pa Mwajuma, ndipo panjira yonseyo palibe amene analitchula. Pobwerako anapita molunjika kudzala. Zidutswa za nsalu zinali zitakankhiridwa pambali, ndipo panalibe chikwatu ngakhale chimodzi.

Mwajuma sanabwerenso. Sanatume mawu oipa, sanadandaule kwa munthu, anangosiya basi. Scholastica ankati aimba foni mawa, mawalo n'kukhala ngati mawa la mabatani. Nyengo yokolola itakwana, Mtendere anayamba kumakhala m'mbali mwa msewu akaweruka kusukulu, kuyang'ana minibasi iliyonse. Tsiku lina anafunsa kuti azakhali ake asiyiranji kubwera. Apa ndi pamene Scholastica analakwa kulakwa kwenikweni, kuposa kwa kudzala kuja.

"Abale a bambo ako ndi choncho, mwana wanga. Mwini wake akapita, nawonso amapita."

Ankaganiza kuti ndi mawu ongotontholetsera mwana tsiku limenelo. Koma mwanayo anawameza, ndipo anakula nawo.

Zaka zinapita. Mtendere anaphunzira, anakhala mphunzitsi, anakwatiwa ndi mnyamata wogwira ntchito ku Blantyre. Scholastica maso anayamba kulephera kulowetsa ulusi pa singano, miyendo kutupa, mutu kuwawa. Kuchipatala anamupeza ndi shuga ndiponso kuthamanga kwa magazi. Anamuuza kuti achepetse mafuta, buledi ndi zotsekemera, azidya mgaiwa, nyemba ndi masamba ambiri. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Ulendo wonse uja wothawa denje, lero adokotala akumubwezera ku denje komweko.

Kenaka Mtendere anabereka mwana wamwamuna, n'kumutcha Jamali, ndipo anaitana mayi ake kuti adzakhale naye azimuthandiza kulera. Boma linali litamutumiza Mtendere kukaphunzitsa pasukulu ina kufupi ndi Nsanama. Scholastica atamva dzina la malowo anakumbukira Mwajuma. Anadzilimbitsa kuti dera ndi lalikulu, midzi ndi yambirimbiri, ndipo mwina mlamu wakeyo anasamuka kalekale. Anamanga makina ake n'kupita.

Za msika anamva kwa mkazi wa ahedi a pasukulupo, amene anamuona akulimbana ndi kabichi wofota wa pagolosale. "Amayi, mukuvutikiranji chonchi msika uli pamphuno? Tsiku la msika mudzapite m'mawa, mudzandiuza." Anapitadi, dengu lili m'manja, ndipo zimene anaona zinamuimitsa pakhomo ngati mlendo. Anthu anali atatsika m'midzi yonse, ena panjinga, ena atasenza, n'kuyala zinthu pansi pa masaka mpaka m'mphepete mwa msewu wa ku Nayuchi. Mbatata zikadali ndi dothi, chinangwa chothyola n'kuona kuyera, bonongwe ndi chisoso mame asanaume, nkhwani wosadzula kale, nsinjiro zosinja dzulo. Uku milamba yowamba ya ku Chiuta ikununkhira utsi, uko amayi akupeta mpunga m'malichero. Ogulitsa ankaitana m'Chichewa n'kumaseka m'Chiyao, ndipo ukagula mulu umodzi ankakuponyerapo basela usanapemphe n'komwe.

Anabwerera kunyumba dengu litadzaza, akulankhula ngati msikawo waufukula yekha. Anatendera nkhwani, anaphika nandolo wamuwisi, ndipo pakudya kukoma kwake kunamukumbutsa mayi ake. Patangopita masabata angapo thupi linayamba kupepuka. Ndiye mumudziwe Make Mtendere: chimene wachikonda amachilalikira. Aliyense wobwera kudzasoketsa ankalandira ulaliki wa masamba. "Anthu inu mukudzipha ndi za m'mapaketi! Chakudya chenicheni ndi cha kwathu konkuno." Akanakhalapo wa ku Balaka womudziwa bwino, bwenzi atagwa nako kuseka.

Tsiku lina analowera mzere umene anali asanaufikeko, kumapeto kwa msika pansi pa mtengo wa mango, kumene amagulitsa zouma. Pa saka lina panali nandolo, mpunga, therere losinja, ndi zikwatu zosanjidwa bwinobwino. Anawerama n'kunyamula chimodzi, n'kuchinunkhiza, osayang'ana n'komwe mwini wake.

"Ichi mukuchita bwanji, amayi?"

"Alamu."

Mawuwo anali otsika, koma anamulowa mpaka m'mafupa. Anali Mwajuma. Anali atakalamba, masaya atalowa, mpango woyera uli kumutu, koma maso anali omwe aja a Jamali. Scholastica anafuna kuti nthaka ing'ambike. Mwajuma anadzuka pang'onopang'ono, anamugwira dzanja ndi manja onse awiri, n'kumulonjera mwaulemu wonse ngati anasiyana dzulo. Funso lake loyamba silinali la thumba kapena la foni.

"Nanga mwana wa achimwene anga? Ali moyo?"

"Ali bwino, alamu. Anakula, ndi mphunzitsi. Ali kutali, kuntchito. Ine ndangobweretsa zosoka za anthu."

Bodzalo linatuluka lokha, ngati linkangodikira pakhomo. Sukulu ya Mtendere inali pafupi kwambiri moti belu lake linkamveka pamsikapo mphepo ikawomba bwino. Koma akanati anene zoona, awiriwo akanakumana, ndipo akanakumana Mtendere akanadziwa kuti azakhali ake sanamutaye, anachita kuthamangitsidwa ndi dzala la mayi ake. Scholastica anali ndi mwana mmodzi yekhayo, ndipo ankaopa mmene mwanayo adzamuyang'anire.

"Alihamudulila, Mulungu atamandike," anatero Mwajuma. Anayamba kuthira mpunga m'dengu la Scholastica, kenaka nandolo, kenaka nsinjiro, osayeza. Scholastica atamasula mfundo ya chitenje kuti alipire, Mwajuma anabweza dzanja lake ngati wamuonetsa moto. "Iyayi, alamu! Ine ndigulitse kwa mkazi wa achimwene anga? Anthu amva bwanji? Mukamutumizireko mwanayo."

Koma chikwatu chija, chimene chinali chikadali m'dzanja la Scholastica, anachitenga mofatsa n'kuchibwezera pa saka.

"Izi zisiyeni. N'za ife akumudzi."

Sananene mwaukali. Scholastica akuchoka anamva mayi wogulitsa pafupi akuuza mnzake kuti lero a Mwajuma abwerera kunyumba opanda ndi mchere womwe. Kunyumba ananena kuti zonsezo wagula. Mtendere anayamikira mpungawo kuti ndi wonunkhira, ndipo mayi ake anaudya ngati akutafuna mchenga.

Msika sanausiye, poti thupi linali litazolowera. Anangosintha njira. Ankalowera kumbali ya nsomba, n'kugula mofulumira kwa anthu osawadziwa, n'kutuluka osayandikira mtengo wa mango. Ankadziuza kuti akuchitira chifundo mlamu wake, kuti asamangomudyera katundu waulere. Mumtima ankadziwa kuti ndi mantha chabe. Tsiku lina akuyezetsa nandolo kwa bambo wina, anatukula maso n'kupeza Mwajuma akumuyang'ana chapatali pakati pa anthu. Maso atakumana, Mwajuma anawerama n'kuyamba kuingitsa ntchentche pa katundu wake, ngakhale pa zouma sipatera ntchentche. Scholastica anazindikira kuti wamutayanso kudzala kachiwiri, ulendo uno masana, anthu akuona.

Sukulu zitatsekera, Mtendere anadzuka tsiku la msika n'kubereka mwana kumbuyo. "Lero ndipita nanu, amayi. Ndikauone msika wanu umene mumautamawu." Scholastica anayesa zonse: dzuwa likuwotcha, fumbi lidwalitsa mwana, kuli akuba. Mtendere anangoseka n'kutsogola. Pamsika mayi ankakokera ku nsomba, mwana akukokera kwina, mpaka Mtendere anaima n'kuloza kumapeto.

"Amayi, taonani! Si zija ankabwera nazo azakhali?"

Asanayankhidwe anali atafika kale pansi pa mango. Mwajuma anamuona akubwera, ndipo mbale yoyezera inagwa m'manja mwake. Mtendere amayenda ngati bambo ake, phewa limodzi lotsika. Mayi wokalambayo anaimirira atagwira pakamwa.

"Mtendere? Mwana wa achimwene anga?"

Mtendere anamuyang'ana nthawi yaitali. Anagwada pang'ono n'kupereka moni monga analeredwera, koma nkhope inali youma. Atalankhula, mawu ake sanali a mphunzitsi, anali a kamtsikana kaja ka m'mbali mwa msewu.

"Azakhali, ine ndinkakudikirani. Chaka chilichonse anthu akakolola ndinkakhala pamsewu kuyang'ana minibasi. Bambo anga ndinalibe, wotsala wa kwawo munali inu nokha. Munanditayiranji?"

Amayi ogulitsa pafupi anasiya kuitana makasitomala. Mwajuma anatembenuza maso n'kuyang'ana Scholastica. Sikunali kuyang'ana kwa mkwiyo. Kunali ngati kwa munthu amene waima pakhomo kudikira kuti mwini nyumba ayambe ndiye kulowa. Scholastica anatsegula pakamwa. Mawu analipo, onse, okonzeka kuyambira tsiku la thumba lija, koma anawabwezera m'kati. Anayang'ana pansi.

"Ndi miyendo, mwana wanga," anatero Mwajuma. "Nyamakazi inandigwira, maulendo aatali anandikanika. Ndinalakwa osatuma ngakhale mawu. Undikhululukire."

Ananena zimenezi mayi amene tsiku lililonse la msika amatsika kuphiri wapansi, katundu ali pamutu. Mtendere anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje, n'kunena kuti tsopano ulendo si wautalinso, iye akukhala pasukulu pomwepa kuyambira chaka chatha, pamodzi ndi mayi ake.

"Pasukulu pompa?" Mwajuma anayang'ananso mlamu wake, kanthawi kochepa chabe. "Alihamudulila. Ndiye ndi pafupi."

Mtendere anamasula mwana n'kumupereka. Mwajuma atafunsa dzina n'kumva kuti ndi Jamali, anakhala pansi pa saka lake lomwelo, pakati pa nandolo ndi mpunga, n'kulira mosabisa, akumulankhula mwanayo m'Chiyao. Amayi anzake anamuzungulira, wina akuseka, wina akupukuta m'maso, wina akuti chibale n'chipsera, sichipola. Scholastica anaima pambali atagwira dengu, ngati munthu wongodutsa.

Potsanzikana Mwajuma anadzazanso dengu, ndipo za ndalama palibe amene anayerekeza kuzitchula. Pomaliza anasankha chikwatu chimodzi, chachikulu, cha luzi latsopano. Sanachiike m'dengu. Anadikira Mtendere atatembenuka kuti abereke mwana, n'kuchiika m'manja mwa Scholastica, n'kuwagwira manjawo pang'ono. Analankhula motsitsa, kuti amve iye yekha.

"Ichi chokha mukachitsegule, alamu."

Panjira yobwerera Mtendere ankayenda mopepuka, akukonza kale zoti Loweruka adzapite kukaona mudzi wa bambo ake. Atatsala pang'ono kufika pasukulu anachepetsa liwiro n'kudikira mayi ake, amene ankatsalira m'mbuyo atakumbatira chikwatu pachifuwa.

"Amayi, ine ndawakhululukira azakhali. Ndi okalamba, ndipo apepesa pamaso pa anthu. Ndikudziwa kuti inu anakukhumudwitsani kwambiri kuposa ine, munatsala nokha ndi mwana. Koma chonde, inunso muwakhululukire."

Scholastica, mayi amene ankalankhula ngakhale mapini ali kukamwa, anangogwedeza mutu, n'kupitiriza kuyenda m'mbuyo mwa mwana wake.